Mau Pamwamba pa Mitambo

Aliyense mwa ife amene adakwerapo ndege, kapena adamvapo nkhani kwa mbale amene adakwera, akuudziwa mwambo umene umachitika zitseko zikangotsekedwa. Wantchito wa m'ndege amaimirira napempha mwaulemu kuti onse amange malamba, ndi kuti aliyense adine kachizindikiro ka kandege pa foni yake ya m'manja, kuti foniyo ileke kufunafuna nsanja za pansi. Koma posakhalitsa mau omwewo amamvekanso, tsopano akutiitana kuti titsegule Wi-Fi ndi kulowa pa intaneti, mwina kwaulere, mwina titalipira. Munthu woganiza sangalephere kudzifunsa kuti, ngati mafunde a zipangizo zathu ali oopsa, akutiloleranji? Nanga ngati sali oopsa, adatiletseranji zaka zonse zija?

Mafunso amenewa sitingawayankhe ndi liu limodzi, pakuti yankho lake ndi mbiri ya zaka zoposa 60. M'mbiri yonseyo anthu akhala akulimbana ndi zinthu ziwiri. Choyamba nchakuti, kodi mafunde osaonekawa sangasokoneze zipangizo zimene zasenza moyo wa anthu mazanamazana? Chachiwiri nchakuti, kodi adzalipira ndani? Tiyeni tiitsate mbiriyi kuchokera pa chiyambi, chifukwa m'menemo muli phunziro la m'mene anthu amagawanirana chinthu chimene mwini wake ndi onse.

Mapasa a zaka zoyamba

Wailesi ndi ndege zidabadwa ngati mapasa. Guglielmo Marconi adalengeza kuti pa 12 Disembala 1901, ali ku St John's ku Newfoundland, adamva chizindikiro cha wailesi chochokera ku Poldhu ku England, tsidya lina la nyanja ya Atlantic. Patangopita zaka 2, pa 17 Disembala 1903, pachibale pao Orville ndi Wilbur Wright adaulutsa ndege yao pafupi ndi Kitty Hawk ku America, ndipo ulendo woyambawo udangotenga masekondi 12. Kuyambira pamenepo ziwirizi zidakulira limodzi, mpaka ndege idafika poti singayende popanda mnzakeyo.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Woyendetsa ndege akalowa mu mtambo kapena mu mdima, maso ake alibenso ntchito. Amaona ndi makutu. Wailesi ndiyo imamlumikiza ndi anthu a pa nsanja ya pa bwalo la ndege, ndiyo imamlozera njira, ndiyo imamtsitsa bwino m'nkhungu, ndiyonso imamuuza kuti nthaka yatsala pang'ono bwanji. Motero chilichonse chobweretsa phokoso m'mafunde amenewa chili ngati munthu woponya mchenga m'maso mwa mnzake amene akuoloka pa ulalo.

Nkhawa imeneyi siidayambe ndi foni ya m'manja ai. Idayamba ndi kawailesi wamba. M'chaka cha 1961, bungwe loyang'anira za ndege ku America, FAA, lidaletsa apaulendo kutsegula mawailesi a FM m'ndege. Akatswiri adaona kuti wailesi, ngakhale ntchito yake ndi kungomvera, nayonso imatulutsa timafunde tochepa. Ndipotu tonse tikudziwa kuti manambala a FM pa wailesi yathu amayambira pa 88 nkulekeza pa 108. Pamene alekeza pomwepo, pa 108, mpamene payambira mafunde olozera ndege njira. Minda iwiriyi ndi yoyandikana, ndipo khasu likangophonya malire lagwera m'munda wa mwini. Lamulo loyambalo lidali losunga malire.

Lamya ya kumbuyo kwa mpando

M'chaka cha 1984 kampani ya Airfone, imene adaiyambitsa John Goeken, idayamba kuika malamya m'ndege za ku America. Poyamba munthu ankanyamuka kukatenga lamya pa khoma, koma pambuyo pake adaziika kumbuyo kwa mipando. Malamyawa adali ndi njira yaoyao ya mafunde, yopimidwa ndi yovomerezedwa, kotero kuti sankaopseza ndege. Chimene ankaopseza ndi thumba, pakuti mphindi 3 zoyamba zinkadya madola 7.50. Ambiri ankangoiyang'ana lamyayo ulendo wonse monga m'mene mwana ayang'anira nyama ya alendo.

Mafoni a m'manja atayamba kuchuluka, bungwe lina la ku America, FCC, loyang'anira mafunde a wailesi ndi lamya, lidaletsa m'chaka cha 1991 kuimba foni zotere ndege ili m'mwamba. Apa mpamene ambiri a ife timasokonezeka, poganiza kuti lamuloli lidaikidwa poteteza ndege. Iai, lidaikidwa poteteza anthu a pansi. Foni ikakhala pansi imamveka ku nsanja imodzi kapena zingapo zapafupi, chifukwa mapiri, mitengo ndi nyumba zimaitchinga. Koma ikakwera makilomita 10 m'mwamba, palibe choitchinga. Imamveka ku nsanja zambiri nthawi imodzi, kwinaku ikuthamanga makilomita oposa 800 pa ola. Ili ngati munthu wokuwa pamwamba pa phiri, amene mau ake adula nkhani za m'midzi yonse ya m'tsinde. Choncho malamulo adali awiri, ochokera ku mabungwe awiri, pa zifukwa ziwiri: lina losunga ndege, lina losunga njira za anthu a pansi.

Tsono lidafika tsiku limene lidaonetsa dziko lonse kuti lamya yonyozeka ija idali ya mtengo wotani. Pa 11 Sepitembala 2001 zigawenga zidalanda ndege zinai ku America. Imodzi mwa izo, ya United Airlines nambala 93, idanyamuka ku Newark kupita ku San Francisco. Apaulendo ndi antchito a m'ndegemo adaimbira abale ao ndi akuluakulu a pansi, ambiri pa malamya a kumbuyo kwa mipando aja. M'kukambirana kumeneko ndimo adamvera kuti ndege zina zagunda kale nyumba zosanja za World Trade Center ku New York, nazindikira kuti yaonso ikupita kukapha anthu. Adapangana, nalimbana ndi zigawengazo, ndipo ndegeyo idagwera pa thengo pafupi ndi Shanksville ku Pennsylvania, isadafike kumene ankailozetsa. Apaulendo ndi antchito onse 40 adafa. Palibe mmodzi mwa iwo amene adawerenga madola pa mphindi zimenezo. Ena adatsazika akazi ao, ena amuna ao, ena makolo ao. Tikamakamba za mtengo wa mau a m'mwamba, tisaiwale m'mawa umenewo.

Boeing idalawirira

Nthawi imeneyo nkuti kampani yopanga ndege ya Boeing italengeza kale, m'chaka cha 2000, kuti idzabweretsa intaneti m'ndege kudzera pa setilaiti, pa dzina loti Connexion by Boeing. Pakati pa chaka cha 2001 makampani atatu aakulu a ku America, American, United ndi Delta, adavomera kulowa nao m'ntchitoyi. Koma tsiku lomwe lija limene lidaonetsa kufunika kwa mau a m'mwamba ndilo lidathyola msana wa malonda a ndege. Anthu adachita mantha kukwera, ndalama zidasowa, ndipo chaka chisadathe makampani atatuwo adabwerera m'mbuyo.

Boeing idatembenukira ku maiko ena. Itayesa ndi Lufthansa ya ku Germany mu 2003, ntchito yeniyeni idayamba mu Meyi 2004 pa ulendo wochokera ku Munich kupita ku Los Angeles. Makampani ena, monga SAS, Japan Airlines ndi Singapore Airlines, adatsatira. Chinthucho chinkagwira ntchito ndithu, ngakhale pakati pa nyanja. Koma pa ulendo wautali munthu ankalipira madola 29.95, ndipo olipira adali ochepa. Zipangizo zake zidali zolemera ndi zokwera mtengo, ndipo kuziika kunkafuna kuti ndege ikhale pansi masiku angapo osapanga ndalama. Chinanso, masiku amenewo wofuna intaneti ankayenera kunyamula kompyuta ya pamiyendo, imene batire yake inkatha ulendo usadafike pakati. Foni ya iPhone, imene idathandiza kuika intaneti m'thumba la munthu wamba, idatuluka mu 2007. Boeing nkuti itagonja kale: mu Ogasiti 2006 idalengeza kuti ikutseka, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho Connexion idatha, itamwaza madola mamiliyoni mazanamazana. Mbeu idali yabwino, koma adaidzala mvula isadagwe.

Chaka chomwecho cha 2006 malamya a Airfone nawonso adayamba kuchotsedwa m'ndege za apaulendo, ndipo FCC idagulitsa njira yao ya mafunde pa msika wopikisana. Gawo lalikulu idagula ndi kampani ya Aircell pa madola oposa mamiliyoni 31. Iyo idasankha njira yotsika mtengo. M'malo mwa setilaiti idamanga nsanja pansi zoyang'ana kumwamba, ndi kuika eriyo kumimba kwa ndege. Mu Ogasiti 2008 ntchitoyi idayamba pa ndege za American Airlines pa dzina loti Gogo, pa mtengo wa madola 12.95 pa maulendo aatali. Apa intaneti ya m'ndege idamera mizu, koma idali ndi zilema ziwiri. Pa nyanja palibe pomanga nsanja, choncho ndege ikangosiya gombe zonse zinkazima. Ndiponso mphamvu yake idali yochepa, mamegabiti ngati 3 pa sekondi, yoti agawane anthu onse a m'ndegemo. Chidali chitsime cha banja limodzi chimene mudzi wonse udabwera kudzatungapo, ndipo madandaulo a olipira sadachedwe kumveka.

Kodi mantha aja adali achabe?

Pamene amalonda ankalimbana ndi mtengo, akatswiri ankalimbana ndi funso loyamba lija. Tiyenera kunena zoona: palibe ngozi ya ndege yaikulu ya apaulendo imene ofufuza adatsimikiza kuti idachitika chifukwa cha mafunde a foni ya wapaulendo. Poona izi ena amaseka, nati lamulo lonse lija lidali nthano yoopsezera ana. Koma tonse tidamvapo kulira kwachilendo kumene wailesi kapena sipika imachita foni ikakhala pafupi ndipo ili pafupi kuitana. Oyendetsa ndege akhala akunena kuti phokoso lotero limamveka nthawi zina m'zomvera zao za kumakutu. Pabwalo pa nyumba phokosolo nloseketsa, koma nlosaseketsa kwa munthu amene akumvera malangizo otsikira m'nkhungu.

Pali umboni winanso woposa apa. M'chaka cha 2011, poyesa zipangizo za Wi-Fi pa ndege za Boeing 737 zili pansi, akatswiri adaona kuti magalasi ena oonetsa woyendetsa liwiro ndi kutalika kwa ndege, opangidwa ndi kampani ya Honeywell, ankatha kuzima kwa kanthawi mafunde akakhala amphamvu. Mu 2014 FAA idalamula kuti magalasi a mtundu umenewo asinthidwe kapena akonzedwe pa ndege zoposa 1,300 za ku America. Chilema chimenechi chidapezeka pa bwalo loyesera, osati m'zibenthu za ndege yakugwa, ndipo kumeneko ndiko kupambana kwa kusamala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chilolezo chidabwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zonse chinkatsata pambuyo pa kuyesa. Akatswiri adapeza kuti foni imakuwa kwambiri pamene nsanja ili kutali, ndipo imanong'ona pamene ili pafupi. Motero adaika kansanja kakang'ono m'kati mwa ndege momwemo, kuti mafoni azinong'onezana nako, iko nkumatumiza mauwo kunja pa njira yovomerezeka. Ndi nzeru imeneyi, mu Malichi 2008 kampani ya Emirates idalola apaulendo kuimba foni zao za m'manja pa ulendo wochokera ku Dubai kupita ku Casablanca. Wi-Fi nayo imayenda chimodzimodzi: mafunde ake ndi ofooka, amangofika pa kabokosi ka m'denga la ndege, ndipo mtundu uliwonse wa ndege umayesedwa usadaloledwe kukhala nayo. Pa 31 Okutobala 2013 FAA idalengeza kuti makampani angathe kulola apaulendo kugwiritsa ntchito zipangizo zao zing'onozing'ono kuyambira ponyamuka mpaka potera, malinga adina kandege kaja. Apa ndiye pali yankho la funso limene tidayamba nalo. Kandege kamatseka pakamwa pokuwira nsanja zakutali, ndipo Wi-Fi imatsegula ponong'onera chapafupi.

Komabe tisaganize kuti nkhani ya malire idatha. Mu Januwale 2022 makampani a foni a AT&T ndi Verizon adatsegula mafunde atsopano a 5G ku America, pa njira yoyandikana ndi imene chipangizo choyeza kutalika kwa ndege kuchokera pa nthaka chimagwiritsa ntchito potera. Mkangano udabuka pakati pa eni ndege ndi eni mafoni, mpaka makampani monga Emirates, Air India ndi Japan Airlines adaimika maulendo ena opita ku America. Mtendere udabwera pamene eni mafoni adavomera kuchepetsa mphamvu pafupi ndi mabwalo a ndege kwa kanthawi, ndipo eni ndege adavomera kukonza kapena kusintha zipangizo zao. Patapita zaka 61 chiikireni lamulo la kawailesi ka FM, mlandu udali womwewo wa minda yoyandikana, ndipo udatha monga m'mene milandu yotere ithera pa bwalo: aliyense adasunthako pang'ono.

Chaulere chili ndi mwini wolipira

Funso lachiwiri, la mtengo, nalo lidasintha nkhope. Kampani ya Norwegian idayamba kupereka Wi-Fi yaulere pa maulendo a ku Ulaya mu 2011, JetBlue ya ku America idatero kumapeto kwa 2013, ndipo Delta idatsatira mu Febuluwale 2023. Masetilaiti nawonso adasintha. Akale aja amakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pa dziko, kotero kuti uthenga umatha kupitirira theka la sekondi popita ndi pobwera. Atsopano, monga a Starlink a kampani ya SpaceX, ndi ambirimbiri ndipo amazungulira pafupi, pa makilomita ngati 550, motero yankho limabwera msanga. Hawaiian Airlines ndi Qatar Airways zidayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2024.

Koma tisanyengedwe ndi liu loti "chaulere". Eriyo ya setilaiti imakhala pamsana pa ndege, yovundikiridwa ndi linunda ngati la ng'ombe, ndipo linunda limenelo limalimbana ndi mphepo nkuonjeza mafuta. Zipangizo zimagulidwa, masetilaiti amalipiridwa. Ndalama zimenezi zimabisala mu mtengo wa tikiti, kapena zimachokera kwa otsatsa malonda. Makampani ena, monga Delta, amafuna kuti munthu ayambe walembetsa m'kaundula wa makasitomala ao, ndiye kuti walipira ndi dzina lake ndi mbiri ya maulendo ake. Kale tinkaona mtengo nkuukana. Lero timaulipira osauona.

Ife a kuno tili ndi chifukwa china cholingalirira nkhaniyi. Masetilaiti omwewo a Starlink adayamba kutumikira m'Malawi mu 2023. Ndiye kuti thambo limodzimodzi likudyetsa wapaulendo amene akuonera kanema pamwamba pa mitambo, ndi sukulu kapena chipatala cha pansi chimene chakwanitsa kugula mbale yake ndi kulipira mwezi ndi mwezi. Pakati pa awiriwa pali mai wa kumudzi amene amakwera pa chulu kufuna netiweki, ndi kuwerenga mayunitsi asadaimbire mwana wake wa ku tauni. Mbiri ya ndege yatiphunzitsa kuti chimene dzulo chidali cha olemera chingathe kutsika mtengo. Koma yatiphunzitsanso kuti sichitsika chokha. Chimatsika pamene anthu aumirira, ndipo wina avomera kusenza mtolowo.

Malire amene makina sangaike

Chatsala chinthu chimodzi chimene akatswiri a mafunde sadathe kuchiweruza. Mu 2013 FCC idaganiza zofewetsa lamulo lake la 1991, poona kuti nzeru zatsopano zathetsa vuto la nsanja za pansi. Koma apaulendo ambiri pamodzi ndi mabungwe a antchito a m'ndege adakana kwamtuwagalu. Sankaopa ngozi ai. Ankaopa kukhala maola 5 pafupi ndi munthu wokuwa pa foni, popanda kothawira. Mu 2018 nyumba ya malamulo ya ku America idakhazikitsa lamulo lofuna kuti kuimba foni ndi mau kuletsedwe m'ndege za apaulendo, ndipo mu 2020 FCC idasiya maganizo ake aja. Msokonezo wotsiriza sudali wa pakati pa chipangizo ndi chipangizo, koma wa pakati pa munthu ndi mnzake.

Awerengi athu okondedwa, ambiri a ife mwina sitidzakwera ndege kawirikawiri, koma mbiri iyi siili kutali ndi khomo lathu. Foni yomwe ija imene idavutitsa mabungwe a ku America ili pa mkeka pathu nthawi ya chakudya, ili pa maliro, ili m'minibasi, ili m'manja mwa ana athu usiku. Nafenso tili ndi mafunso awiri omwe aja: kodi chinthuchi chikusokoneza chiyani chimene chasenza moyo wa banja, ndipo akulipira ndani? Anthu a za ndege sadayankhe mafunsowa potaya chipangizo, ndiponso sadayankhe pochilekerera. Adayesa, adaika malire, ndipo adawasuntha pokhapokha ataona umboni.

Mtolo umene amatipempha kusenza m'ndege ndi wopepuka kwambiri: kudina kachizindikiro kamodzi. Mwina foni yathu yokha siikadachita kanthu. Koma m'ndegemo muli mafoni 200 kapena 300, ndipo palibe mmodzi wa ife amene angayeze yake kuti adziwe ngati ili bwino. Timadina chifukwa cha woyendetsa amene sitimuona, chifukwa cha mwana amene wagona pa mpando wa kutsogolo, ndi chifukwa cha anthu a pansi amene sitidzakumana nao. Tikatero, njira imatseguka yoti tilembe mau ochepa amene a kunyumba akuwadikira, akuti tanyamuka bwino, ndipo madzulo ano tifika.